ZOSIYIRA MAWA ZIMAMANGA MANJA

Ndege isananyamuke pa bwalo, mkulu woyendetsa, amene amamutcha kaputeni, amapatsidwa buku la ndegeyo kuti aliwerenge. M'bukumo amisiri ndi oyendetsa ena adalembamo zonse zimene zidapezeka zosalongosoka pa maulendo apitawo, ndiponso zimene zidachitika pozikonza. Zambiri zimakhala zitakonzedwa kale. Koma nthawi zina pamatsala kanthu kamene amisiri sadathe kukakonza, kapena chifukwa chitsulo chake palibe pa bwalolo, kapena chifukwa nthawi yachepa, ndipo amalemba kuti kadzakonzedwa tsiku lina. Pamenepo kaputeni ayenera kuweruza: kodi aitenge ndege yotere, pamodzi ndi miyoyo ya anthu ili m'menemo, kapena aikane? Mlandu umenewu umaweruzidwa tsiku ndi tsiku pa mabwalo a ndege a dziko lonse lapansi, ndipo muli phunziro lalikulu kwa Mkhristu aliyense, ngakhale amene sadakwerepo ndege chibadwire.

LAMULO LA ZINTHU ZODIKIRA

Munthu angadabwe pakumva kuti ndege imaloledwa kuuluka ili ndi chipangizo chakufa. Komatu ndege yaikulu ili ndi zipangizo zambirimbiri, ndipo zofunika koposa adaziikamo ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu, kuti china chikafa chinzake chigwire ntchito. Ndege zikadamadikira kuti kanyali kalikonse kayake ndi kampando kalikonse kawongoke, bwenzi palibe ulendo ndi umodzi womwe wochitika pa nthawi yake. Chifukwa chake opanga ndege, pamodzi ndi akuluakulu a boma oyang'anira maulendo a mumlengalenga, amalemba buku la malamulo limene pa Chingerezi alitcha Minimum Equipment List. Bukulo limatchula chimodzichimodzi zipangizo zimene zingathe kudikira, ndi mmene ndege iyenera kuyendera pamene zikudikira.

Lamulo limeneli lili ndi mipanda yake. Poyamba, chilemacho chiyenera kulembedwa m'buku la ndege, ndipo mmisiri asainepo dzina lake. Chilema chosalembedwa sichiloledwa kudikira. Kachiwiri, pa chipangizo chakufacho amamatapo kapepala, kuti woyendetsa aliyense wolowa m'ndegemo achione ndi maso. Kachitatu, chilema chilichonse chili ndi masiku ake owerengeka: zina ziyenera kukonzedwa asanathe masiku 3, zina masiku 10, ndipo zopepuka kwambiri masiku 120. Masikuwo akakwana ndege imaima. Kachinayi, chilolezo chimadza ndi mfundo zake: nyali zina zikafa, ndege iyende usana wokha, chipangizo choteteza mapiko ku madzi oundana chikafa, ndege isapite kumene kuli mitambo yozizira. Ndipo chinthu chilichonse chosunga ndege m'mwamba, chimene sichidatchulidwe m'bukumo, chiyenera kukhala chamoyo ndege isanachoke. Pa zotere palibe kukambirana.

Pamwamba pa zonsezi pali kaputeni. Malamulo amampatsa mphamvu yokana ndege ngakhale buku likulola, pakuti buku limaona chilema chimodzi pachokha, pamene kaputeni ayenera kuona zilema zonse pamodzi, ndi nyengo ya tsikulo, ndi mabwalo amene akaterapo. Chilema chosavuta pa bwalo lalikulu dzuwa likuwala chingathe kusanduka msampha pa bwalo laling'ono tsiku la nyengo yoipa. Zimenezi zidaoneka poyera m'dziko la Canada m'chaka cha 1989.

ZIMENE ZIDACHITIKA KU DRYDEN

Lachisanu pa 10 Malichi 1989, ndege ya kampani ya Air Ontario, ya mtundu wa Fokker F28, inali pa ulendo wochokera ku Thunder Bay kupita ku Winnipeg, ndipo idayenera kuima pang'ono pa bwalo la tauni yaing'ono ya Dryden. Kaputeni wake anali George Morwood, bambo wa zaka 52, amene adayendetsa ndege zaka zambiri, wodziwika kwa anzake monga munthu wosamala ndi wosunga malamulo. M'mawa wa tsiku lomwelo, asanachoke ku Winnipeg ndi ndege yomweyo, adalamula kuti mapiko atsukidwe chifukwa adaona chisanu chitagwirapo. Sanali munthu wamphwayi iyayi.

Koma ndegeyo inali ndi chilema chodikira. Kupatula injini ziwiri zikuluzikulu zoulutsa ndege, pali kainjini kena kakang'ono, kotchedwa APU, kamene ntchito yake ndi kupereka magetsi ndege ili pansi ndi kuliza injini zikuluzikuluzo. Kainjini kameneka kanali ndi vuto, ndipo amisiri adalemba kuti kasagwiritsidwe ntchito mpaka kadzakonzedwe. Kufa kwa kainjiniko sikugwetsa ndege, ndipo pa mabwalo aakulu pali makina ena apansi olizira injini. Koma pa bwalo la Dryden makina otero panalibe. Aliyense amene adakwerapo galimoto yofa sitata adziwa tanthauzo lake: dalaivala sayerekeza kuzimitsa injini ngakhale pomwetsa mafuta, pakuti akazimitsa afuna anthu okankha. Tsono ndege siikankhidwa. Kaputeni akadazimitsa injini zonse ziwiri ku Dryden, ndegeyo ikadakhala pomwepo ndi anthu ake onse mpaka makina olizira atabwera kuchokera kutali.

Zovuta zina zidaonjezekera. Ku Thunder Bay adakwezamo apaulendo ena amene ndege yawo idalephereka, kotero kuti ndegeyi idalemera kupitirira muyeso, ndipo a ku ofesi adalamula kuti apungule mafuta m'malo motsitsa anthu. Ntchito imeneyo idachedwetsanso ulendo, ndipo ndegeyo idachoka ku Thunder Bay itachedwa ngati ora lathunthu. Ambiri mwa apaulendo anali mabanja opita kutchuthi, ndipo ena ankafuna kukakwera ndege zina ku Winnipeg. Atafika ku Dryden adamwetsa mafuta injini imodzi ikulira, anthu ali m'kati. Nthawi yomweyo kudayamba kugwa chipale chofewa, ndiye madzi oundana aja amagwa ngati thonje m'maiko ozizira, nichiunjikana pa mapiko.

Apa mpamene msampha udafwamphuka. Mankhwala otsukira mapiko analipo pa bwalopo. Koma lamulo la opanga ndegeyo ndi la kampani lidaletsa kutsuka mapiko injini ikulira, kuopa kuti mankhwalawo angakokedwe ndi injini, utsi wake nulowa m'kati mwa ndege. Kuti atsuke adayenera kuzimitsa injini. Akazimitsa sakadatha kuilizanso. Kaputeni adalowa m'nyumba ya pabwalo nayankhula pa foni ndi a ku ofesi ya kampani, ndipo amene adamuona adachitira umboni kuti adachokapo ali wokwiya. Adabwerera m'ndege, zitseko zidatsekedwa, mapiko osatsuka. Munali anthu 69: apaulendo 65 ndi antchito 4. Ali pafupi kunyamuka adadikiranso mphindi zingapo kuti kandege kena kakang'ono, kamene kadavutika ndi nyengoyo, katere msanga. Ndipo chipale chinkangoonjezeka.

Masiku amenewo oyendetsa ambiri ankakhulupirira kuti chipale chofewa chimasasuka chokha ndege ikayamba kuthamanga. Koma mafuta a m'mapiko anali ozizira kwambiri chifukwa cha ulendo wa m'mwamba, kotero kuti chipale cha pansi chidaundana nichimamatira ku chitsulo. Phiko limanyamula ndege chifukwa cha mphepo yoyenda mosalala pamwamba pake. Likakhala lokakala, ngakhale pang'ono pokha, mphamvu yake yonyamula imachepa kwambiri. Itangopitirira 12 koloko masana ndegeyo idathamanga, idadzuka pang'ono, idabwerera pansi, idadzukanso, koma idalephera kukwera. Idadula nsonga za mitengo, nigwa m'nkhalango pasanathe kilomita imodzi kuchokera kumapeto a msewu wake, ndipo idayaka moto. Adafa anthu 24: apaulendo 21 ndi antchito 3, pakati pawo kaputeni Morwood ndi womthandiza wake Keith Mills.

Boma la Canada lidasankha woweruza milandu, Virgil Moshansky, kuti afufuze ngoziyo. Lipoti lake lomaliza lidatuluka m'chaka cha 1992, lili ndi malangizo 191. Woweruzayo adapeza kuti kaputeni adalakwadi ponyamuka ndi mapiko otero, koma kuti sadalakwe yekha: kampani idatumiza ndege yofa kainjini ku bwalo lopanda makina olizira, maphunziro a antchito anali operewera, ndipo boma silidayang'anire mokwanira. Pambuyo pa ngoziyo dziko la Canada lidakhwimitsa lamulo loti ndege isanyamuke konse pali chisanu, chipale kapena madzi oundana pa mapiko ake.

CHIMENE CHIDAMANGA MANJA

Kuweruza mitima ya akufa ndi kwa Mulungu yekha, amene adziwa kulemera kwa katundu amene munthu adasenza pa ora lake lotsiriza. Koma amoyo ayenera kuphunzira, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chofunika kuchipenyetsetsa ndi ichi: kainjini kakufa kaja sikadagwetse ndege. Chidagwetsa ndege ndi chipale cha pa mapiko. Kainjiniko kadagwira ntchito ina yobisika, yolanda kaputeni ufulu wochita chabwino mosavuta. M'mawa ku Winnipeg kutsuka mapiko kunali kwapafupi, ndipo adatsuka. Masana ku Dryden kutsuka komweko kudakwera mtengo: kudatanthauza ndege yogona pa bwalo lakutali, apaulendo 65 osowa kolowera, ndi mafunso a mabwana. Munthu anali yemweyo, chikumbumtima chinali chomwecho, chidasintha ndi mtengo wa kuchita bwino. Ndipo chimene chidakweza mtengowo ndi kanthu kakang'ono kosiyira mawa.

Umu ndi mmene machimo aang'ono amagwirira ntchito mu mzimu wa munthu. Eklezia aphunzitsa kuti tchimo laling'ono silichotsa chaulere choyeretsa ndipo silitsekera munthu ku Ukaristia. Pa ichi lifanana ndi chilema chololedwa kudikira. Koma aphunzitsanso kuti tchimo laling'ono lochita dala, losalapa, limafooketsa chikondi pang'onopang'ono ndi kulambulira njira tchimo lalikulu. Limachita zimenezi pomanga manja.

Msungichuma wa mphakati abwereka ndalama pang'ono m'thumba la Akhristu, nati mumtima mwake adzabweza akagulitsa mtedza. Sadalembe, sadauze munthu. Miyezi ipita. Tsiku lina aona mnzake wa m'komiti akuba ndalama zambiri zomangira tchalitchi. Kukadakhala kale akadadzudzula pomwepo. Lero pakamwa pake mpomangika, pakuti akatsegula buku la mnzakeyo atsegulanso lake. Akhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kuipa koposa ngongole yoyamba ija. Chimodzimodzi bambo amene adanamiza mkazi wake pa kanthu kakang'ono: bodzalo ayenera kulisunga likulira ngati injini ya ku Dryden, osalizimitsa usana ndi usiku, ndipo likafika tsiku limene banja lifuna choona kuti lipulumuke, iye sangathe kuchinena.

BUKU, CHIZINDIKIRO NDI TSIKU

Palibe munthu angathe kukonza zolakwa zake zonse tsiku limodzi, ndipo Mulungu safuna zosatheka kwa ana ake. Mkhristu wodzizunza ndi mantha pa kanthu kalikonse, woopa kulandira Ukaristia chifukwa cha maganizo ongodutsa amene sadawavomere, afanana ndi kaputeni wokana ulendo chifukwa cha kanyali ka pamwamba pa mpando, iyenso asokera. Koma kudikira kwanzeru kusiyana ndi mphwayi, ndipo mipanda ija ya oyendetsa ndege isonyeza bwino kusiyanako.

Cholakwa chilembedwe. Mkhristu adzifunse mumtima madzulo alionse asanagone, ndipo cholakwa achitchule ndi dzina lake lenileni: miseche ikhale miseche, kuba kukhale kuba. Chimene munthu akana kuchitchula sangathe kuchikonza.

Cholakwa chikhale ndi chizindikiro, ndiye kuti wina achidziwe. Eklezia sakakamiza kuulula machimo aang'ono mu Sakramenti la Kulapa, koma alimbikitsa kwambiri kutero, pakuti chilema chimene wansembe wachimva sichibisalanso, ndipo chaulere cha sakramentilo chimapatsa mphamvu yolimbana nacho.

Cholakwa chikhale ndi tsiku. Amene anena kuti adzabweza ngongole osatchula tsiku, sadaganizebe zobweza. Amene anena kuti adzapepesa mbale wake mpata ukapezeka, adzaona mpata ukuthawa chaka ndi chaka. Ndege ipatsidwa masiku 3 kapena 10. Mkhristu nayenso adziikire Lamulungu lakuti, kapena mwezi wakuti, ndipo tsikulo likakwana aime, achite.

Cholakwa chikhalenso ndi mfundo zake pamene chikudikira. Monga ndege yofa chipangizo choteteza mapiko siilowa m'mitambo yozizira, munthu wofooka pa mowa asadzere njira ya kumowa, ndipo wamtima wapachala asaweruze mlandu ali ndi mkwiyo. Kumeneku ndiko kupewa mpata wa tchimo, kumene wolapa aliyense amalonjeza.

Potsiriza, munthu ayang'ane ulendo umene uli kutsogolo. Malo abwino oweruzira mlandu wa ndege ija sanali Dryden, chipale chili mkugwa ndi injini ikulira. Anali ku ofesi, ulendo usanayambe, pamene kukana kukadakhala kotchipa. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mkhristu amene adziwa chofooka chake aganize pasadakhale chimene chofookacho chidzamchita akapita kukagwira ntchito kutali ndi banja, akalandira ndalama za zokolola, akasankhidwa kukhala mtsogoleri. Pa ora la mayesero nthawi yoganiza imakhala itatha.

ZOSADIKIRA KONSE

Zilipo zinthu zimene buku lililonse silingazilole kudikira. Tchimo lalikulu lili ngati phiko lothyoka. Kuyambira pa Msonkhano waukulu wa ku Lateran, mu mzinda wa Roma, m'chaka cha 1215, Eklezia alamula kuti Mkhristu alape kamodzi pa chaka. Koma amenewo ndi malire otsiriza oikira aulesi, ndipo munthu wanzeru sagona chaka chathunthu ndi imfa mu mzimu mwake. Amene adziwa kuti ali ndi tchimo lalikulu asalandire Ukaristia asanalape. Nzoona kuti kutsala pa benchi pamene anzake akupita ku guwa kumachititsa manyazi, monga kaputeni amachita manyazi pouza anthu odzaza ndege kuti ulendo palibe. Komabe Ambuye Yesu mwini adaphunzitsa kuti wobwera ndi mphatso ku guwa, akakumbukira kuti pali mlandu pakati pa iye ndi mbale wake, ayambe wakayanjana naye, mphatsoyo idikire. Manyazi a ora limodzi aposa kupepuka chilango chosatha.

Kuitana wansembe kwa munthu wodwala kwambiri sikudikira kuti kuche bwino kapena kuti achibale onse agwirizane. Ubatizo wa khanda limene moyo wake uli pa ngozi sudikira phwando. Augustino Woyera ali mnyamata adadwala kwambiri napempha ubatizo. Atachira msanga, ubatizowo udasiyidwira mtsogolo, monga unali mwambo wa ambiri masiku amenewo. Adadzabatizidwa ku Milan ndi Ambrosio Woyera pa Pasaka wa chaka cha 387, ali ndi zaka 32, atayenda zaka zambiri m'njira zimene pambuyo pake adazilira. Mulungu mwa chifundo chake adampatsa nthawi. Koma nthawi yotero siidalonjezedwe kwa munthu aliyense.

Ndipo phunziroli lisangothera pa za mzimu zokha, pakuti lamulo lachisanu la Mulungu limaletsa kupha, limaletsanso kuika miyoyo ya anthu pa ngozi popanda chifukwa. Dalaivala wonyamula anthu akudziwa kuti mabuleki sagwira, mwini minibasi wokana kugula matayala atatha mano, mwini bwato wodzaza anthu m'bwato lothonya, onsewa ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu ngakhale ulendo utatha bwino. Kufika bwino dzulo si umboni wakuti chilemacho nchabwino. Mkhristu wogwira ntchito zotere aulule zimenezi polapa monga aulula machimo ena, ndipo akonze.

AMENE ADAONA NAKHALA CHETE

Pa nkhani ya ku Dryden pali chinanso chomvetsa chisoni. Mapiko a ndege yotere amaoneka bwino pa mawindo a apaulendo, ndipo ambiri adachiona chipalecho. Sonia Hartwick, wotumikira apaulendo amene adapulumuka, adachitira umboni kuti adachiona nada nkhawa, ndiponso kuti wapaulendo wina adamfunsa za icho. Koma mwambo wa masiku amenewo sunkalimbikitsa otumikira apaulendo kuuza oyendetsa za kayendetsedwe ka ndege. M'ndegemo munalinso oyendetsa ndege awiri amene adakwera monga apaulendo. Nawonso adaona, koma adaganiza kuti kaputeni akudziwa ntchito yake. Palibe adagogoda pa chitseko. Masiku ano makampani a ndege amaphunzitsa antchito awo onse, aakulu ndi aang'ono omwe, kuti woona choopsa anene, ndipo kaputeni amvere.

Ulemu umene umatseka pakamwa moyo wa anthu uli pa ngozi si ulemu wachikhristu. Kuchenjeza wolakwa ndi imodzi mwa ntchito zachifundo, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana angathe kuchenjeza kholo, Mkhristu wamba angathe kuchenjeza mkulu wa mpingo, wokwera basi angathe kuchenjeza dalaivala, zonse mwaulemu ndi mwamseri ngati kungatheke, koma osachedwa. Ndipo wamkulu amene wachenjezedwa ndi wamng'ono athokoze, pakuti akamkalipira lero, mawa sadzamvanso kanthu, ngakhale nyumba ikupsa.

Mlandu wina uli pa okhala m'maofesi. Kaputeni uja adapatsidwa ndege imene idammanga manja, ndipo amene adampatsa sanali m'ndegemo. Bwana aliyense amene apereka chipangizo chakufa kwa wantchito wake, namuopseza kuti akakana ntchito yatha, ali ndi gawo lake pa ngozi imene idzatsata. Udindo wa wamkulu ndi kuchepetsa mtengo wa kuchita bwino kwa amene ali pansi pake. Kholo limene limamenya mwana chifukwa waulula cholakwa, limamphunzitsa kubisa. Mphakati umene umanyoza wolapa, umadzaza mabuku ake ndi zilema zosalembedwa.

KWA AKATEKISITI

Akatekisiti ndiwo asunga mabuku a Eklezia m'midzi: maina a ophunzira za ubatizo, a ana okonzekera Ukaristia woyamba, a ofuna kumanga ukwati. Iwo amadziwa zimene wansembe, wobwera kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi iwiri, sangathe kuzidziwa. Amadziwa wophunzira amene sadafike m'kalasi miyezi itatu, ndi mnyamata wofuna ukwati amene ali ndi mkazi wina kwina. Chiyeso chawo chifanana ndi cha kaputeni. Akakhala chete pachiyambi, poopa kukhumudwitsa banja lodziwika, tsiku lidzafika pamene mbuzi yaphedwa, thobwa lapsa, alendo afika kuchokera kutali, ndipo pamenepo kunena zoona kudzakhala kowawa kakhumi. Ambiri pa ora lotero amangotseka chitseko, ulendo nuyamba mapiko osatsuka.

Chifukwa chake mkatekisiti anene msanga. Apite kwa banjalo miyezi isanathe, akhale nawo pansi, awauze chimene chatsala ndi tsiku limene chiyenera kukonzedwa, ndipo awathandize kuchikonza. Auzenso wansembe zoona zonse pasadakhale. Akachita zimenezi, kawirikawiri sipadzafunika kuimitsa kanthu, pakuti chilema chidzakhala chitakonzedwa nthawi ikadalipo. Koma likafika tsiku limene ayenera kunena kuti zinthu ziyambe zaima, anene mofatsa ndi mosaopa. Kuthamanga sikufika. Mkwiyo wa anthu umatha ndi masabata, pamene sakramenti lolandira mwachinyengo limavulaza mzimu zaka zambiri. Nawo Akhristu amthandize mkatekisiti wotere, asamsiye yekha monga adasiyidwira kaputeni wa ku Dryden.

M'chaka cha 1920 Papa Benedikto XV adaika Maria Woyera wa ku Loreto kukhala nkhoswe ya onse oyenda pa ndege, ndipo chikumbutso chake chimachitika pa 10 Disembala. Nkoyenera kuti Akhristu apemphe Amayi Maria awapempherere oyendetsa ndege, kuti akhale ndi nzeru yoweruza bwino ndi mtima wolimba wokana pamene kukana kufunika. Apempherere amisiri okonza ndege usiku anthu ali mtulo, kuti asasaine dzina lawo pa ntchito imene sadaichite. Akumbukirenso mizimu ya anthu 24 aja, kuti Mulungu awalandire mu mpumulo wosatha. Akale adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Tsono aliyense, asanagone usiku uno, atsegule buku la mtima wake pamaso pa Mulungu, aone zimene zakhala zikudikira ndi masiku amene zadikira. Zimene zingathe kudikira aziikire tsiku. Zimene sizingathe kudikira apite nazo kwa wansembe, kapena kwa mbale amene adamlakwira, manja ake akadali omasuka.